Kafani ka Kuseri kwa Ampu Kalandire Ulemu Wake

Mulanje adatamandidwa mokwanira. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo ana a sukulu a ku Chitipa amaloweza zimenezi asadaione n'komwe. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phirili m'kaundula wa malo omwe dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Tiyi wakhala akuyamikiridwa chibzalireni Henry Brown ku Lauderdale mu 1891. Mkungudza uli ndi mabungwe oulirira, nanazi ali ndi omukonda, Dziwe la Nkhalamba lili m'foni ya aliyense amene adapondako ku Likhubula. Zonsezi zili nawo oziyankhulira. Ine ndaimirira kuti ndiyankhulire kanthu komwe sikadaonekepo pa kalendala ya kampani iliyonse, komwe palibe nduna idabwerapo kudzakadulira riboni: kafani kakuda ka pulasitiki, ka masentimita 8 mbali zonse, komangiriridwa ndi waya kuseri kwa ampu m'nyumba zoonetsera kanema za pa Boma ndi pa Chitakale.

Wotamanda mfumu amayamba ndi mtundu wake. Gogo wa mafani a magetsi adabadwira ku America mu 1882, m'manja mwa Schuyler Wheeler, ndipo adali ndi mapiko awiri okha. Zidzukulu zake zina zidachita mphumi, zikulendewera kudenga m'maofesi ndi m'mahotela kukupizira mabwana. Kathu aka ndi ka kunyumba yaing'ono. Kadapangidwira ku China kapena ku Taiwan, kadagwira ntchito zaka zingapo m'mimba mwa kompyuta ya mu ofesi ina, kompyutayo idafa n'kuponyedwa m'chipinda cha zinthu zotha ntchito, mpaka tsiku lina wokonza mawailesi adaigula pa mtengo wa zitsulo. Adasuzumira m'kati, zambiri zidali zitapsa, koma kafani atakagunditsa ku batire kadazungulira. Anthu akapuma pa ntchito amakakhala pakhonde kuwerenga nyuzi. Aka kadapuma pa ntchito ya mu ofesi n'kukayamba ina yowawa kuposa yoyambayo, popanda penshoni.

Kuti mumvetse kukula kwa ntchitoyo, lowani m'nyumba ya vidiyo masana a mwezi wa Okutobala. Dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999 pomwe TVM idatsekulidwa, choncho ambiri a ife Rambo, Van Damme ndi Jet Li tidawadziwira m'tinyumba totere, pa mabenchi a matabwa, poyamba pa matepi, kenako pa ma DVD, lero pa fulashi ndi pa dishi. Kamangidwe kake sikadasinthe. Denga ndi la malata, lofupika, lopanda siling'i. Mawindo, ngati alipo, adatsekedwa ndi masaka ndi mapepala akuda a pulasitiki kuti kuwala kusalowe komanso kuti osalipira asasuzumire. Khomo ndi limodzi, ndipo pamakhala wotolera ndalama. Likhale Loweruka loti a m'minda ya tiyi alandira, Arsenal ikukumana ndi Manchester United, anthu amathithikana mpaka ena kukhala pa miyendo ya anzawo, aliyense akutulutsa thukuta ndi maganizo ake pa za woimbira mpira. Panja pali bolodi lolembedwa ndi choko, ndi chisipika choloza kumsewu, chifukwa pa malonda amenewa phokoso ndiye kuitanira makasitomala. Woyandikana naye akakweza, nayenso akweza. Wotsitsa sadabadwe.

Mkangano wonsewu amausenza ndi ampu. Ma ampu ambiri amenewa, a Sony, a Pioneer, a Yamaha, adabwera ndi abale ochokera ku Joni, ndipo owapanga ankaganizira banja la anthu anayi lokhala pa sofa m'chipinda chozizira, likuonera filimu imodzi madzulo kenako n'kuzimitsa. N'chifukwa chake ambiri alibe fani m'kati. Ali ndi timabowo pamwamba basi, ndi kabuku kolangiza kuti musiye mpata woti mpweya uziyenda, kabuku komwe kadatsala ku Joni konko.

Tsono ampu ndi wantchito wosakaza. Ya mtundu wakale uja, womwe akatswiri amautcha class AB, ngakhale papepala siingasandutse magetsi oposa pafupifupi 78 pa 100 alionse kukhala mphamvu yopita ku masipika, ndipo pa ntchito yeniyeni pafupifupi theka la magetsi omwe imadya limangosanduka kutentha. Ampu yodya mawati 400 ndiye kuti ikusunga m'bokosi mwake moto wa mababu awiri akale aja a mawati 100. Motowu umabadwira m'ma transistor, tizinthu takuda ta miyendo itatu tomwe okonza amangotitchula ndi manambala, monga 5200 ndi mnzake 1943, n'kutsikira pa chitsulo cha aluminiyamu cha mano ambiri chomwe tidamangidwapo. Chitsulocho chimadikira mpweya wozizira kuti uchilande kutenthako. Nanga pansi pa malata mu Okutobala mpweya wozizira uchokera kuti? Transistor ikafika madigiri 150 m'kati mwake yafika pa malire. Ma capacitor nawo ali ndi lamulo lawo lodziwika bwino kwa amisiri: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wawo umadulidwa pakati.

Ndipo ife timaithandiza ampuyo kufa. Idapangidwira masipika a ma ohm 8, imodzi pa njira iliyonse. Ife timalumikiza atatu pamodzi, ina m'kati, ina pakhomo, ina m'mtengo wa mango, osadziwa kuti sipika iliyonse yowonjezedwa motero imatsitsa ma ohm n'kuchititsa ampu kukoka magetsi ochuluka. Pamwamba pa timabowo topumira tija timakhazikapo dekoda, yomwe nayo ili ndi kutentha kwake. M'nyumba za olemekezeka a pa Boma zinthu zimachitika mwaulemu kwambiri: ampu imatsekeredwa m'kabati ya galasi, pamwamba pake n'kuyalapo kansalu koyera koluka ndi manja, pa kansalupo n'kuikapo maluwa a pulasitiki. Ampu yanzeru ikatopa imalemba PROTECT pankhope pake n'kukhala chete. Yopanda nzeru imapirira mpaka kutulutsa kafungo kaja komwe aliyense amene adaimapo pafupi ndi DJ amakadziwa.

Apa m'pomwe kafani kathu kamalowa m'bwalo, popanda ng'oma kapena nthungululu. Kamangofuna ma volt 12. Kamadya mawati awiri kapena atatu, osafika n'komwe pa zomwe babu limodzi la LED limadya. Kamazungulira maulendo pafupifupi 2,000 pa mphindi imodzi. Werengerani nokha: mpira wa mphindi 90 ndi maulendo 180,000, osaphatikizapo nthawi yopuma, pomwe osewera amakakhala pansi kumwa madzi koma iko kakupitiriza chifukwa mwini vidiyo waika nyimbo. Wosewera akathamanga makilomita khumi, a pa kanema amaonetsa chiwerengerocho dziko lonse liombe m'manja. Mpira ukatha iye amakasamba. Kafani ndiye kangoyamba kumene, pakuti pakubwera filimu ya usiku.

Ena anena kuti kuzungulira pamalo amodzi osapita kulikonse si chinthu chonyadira. Ndikuwayankha kuti m'dziko muno muli makomiti omwe akhala akuchita zomwezo kwa zaka zambiri, akulandira ma alawansi, ndipo palibe chomwe adaziziritsapo. Kafani sikadapemphepo ndalama ya malo ogona. Sikapita ku msonkhano wa kunyanja kukakambirana za vuto la kutentha. Sikadikira thandizo la maiko akunja. Mukakapatsa magetsi kayamba ntchito nthawi yomweyo, mukakalanda kaima, ndipo pakati pa ziwirizi sikalemba lipoti.

Musaganize kuti vutoli ndi la amphawi okha. Mu 2013 a Facebook adatsekula chinyumba cha makompyuta awo ku Luleå, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Sweden, kutsata mphepo yozizira ya kumeneko, ndipo ngakhale komweko mphepoyo amaikoka ndi mizere ya zimafani. Ife chisanu tili nacho pamwamba pa phiri, koma palibe amene angasenze mabenchi ndi dishi kukafika ku Chambe kuti ampu ipume. Chomwe phiri limatitumizira ndi madzi. Ku Bondo madzi a mtsinje wa Lichenya amazunguza makina a kampani ya MEGA, magetsi n'kulowa m'midzi yomwe kale inkagona ndi nkhuku, ndipo komwe magetsi afika vidiyo siichedwa kufika. Choncho madzi ozizira a phiri amasanduka magetsi, magetsi amasanduka moto m'ampu, ndipo wotsala kuzimitsa motowo ndi kanthu kotoledwa m'zinyalala za mu ofesi.

Wokayikabe akumbukire usiku wa pa 25 Januwale 2022. Namondwe wa Ana adali atangosakaza chigawo chakumwera, madzi ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire, dziko lili mumdima. Usiku womwewo Flames inkakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya AFCON ku Cameroon, koyamba m'mbiri yathu kufika pamenepo. Oonera ambiri adathamangira komwe kudali jenereta kapena batire ya sola. Magetsi a kajenereta amakwera n'kutsika mmene afunira, ndipo ampu siikondwa nazo zimenezo. Mphindi 7 zokha zitadutsa, Gabadinho Mhango adamenya mpira uja ali kutali zedi, n'kudutsa pamwamba pa goloboyi Yassine Bounou, thii muukonde. Dzanja lililonse lomwe lidali pafupi ndi ampu lidapotokola voliyumu mpaka pamapeto. Mhango adatamandidwa ponseponse, ndipo n'koyenera. Morocco idabweza ziwiri, tidatuluka, tidalira. Koma mawu a wolengeza mpira adamveka mpaka kherere yomaliza, ndipo sindikukhulupirira kuti alipo adatembenuka kusuzumira kuseri kwa tebulo kuti athokoze.

Odana nako ali ndi milandu yawo, ndipo sindiibisa. Akuti kamasokosera. Zoona. Kafani kotchipa kalibe timipira tachitsulo m'kati. Kamtengo kake kamazungulira m'kachubu ka mkuwa konyowetsedwa ndi mafuta, ndipo mafutawo akauma kamayamba kulira, poyamba kung'ung'udza, kenako kukhosomola, pamapeto kubuula. Filimu ya ku Nigeria ikafika poti mayi akunong'oneza mwana wake za bambo wake weniweni, nyumba yonse ili zii, chomveka ndi ngrrrr wa kuseri. Ine kumeneko ndimakutcha kuona mtima. Ndi antchito angati omwe mungatsimikize kuti ali pa ntchito inu musakuwaona? Akale adati ukaipa dziwa nyimbo. Aka kadaipa ndithu, ndipo nyimbo kakuidziwa, ngakhale ili imodzi yokha, ya liwu limodzi, yopanda poyambira ndi pothera.

Akutinso kamakokera fumbi m'ampu. Izinso n'zoona, ndipo sikasankha. Fumbi lofiira la m'chilimwe, utsi wa pa chiwaya cha tchipisi pakhomo, makoko a mtedza, ulusi wa kangaude, tsitsi lochokera kwa wometa woyandikana naye, zonse kamazilandira ndi manja awiri. Chiperoni chikatsika mu Juni ndi Julayi, chinyezi chimamata zonsezi pa mano a chitsulo chija mpaka mpweya kusowa podutsa, ndipo ampu imatha kutentha ngati kuti fani palibe. Wokonza mawailesi akatsekula amapeza mbiri yonse ya pa Chitakale itasanjana chaka ndi chaka, pamodzi ndi mitembo ya mphemvu zomwe zidabwera kudzaotha n'kukumana ndi mapiko. Ofufuza za chikhalidwe cha dera lino akungotaya nthawi m'mabuku. Ndipo musaiwale kuti mankhwala a mphemvu timagula, pomwe aka kamapha ulere.

Tsankho kalibe. Lachisanu usiku kali ku bala, Loweruka ku ukwati, Lamulungu m'mamawa kali pa kabaza kupita kutchalitchi kukaziziritsa ampu ya kwaya, ndipo sikauza abusa komwe kadagona. Mwezi wa Okutobala anthu akasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ng'oma za tchopa zimadzimvekera zokha, koma malankhulidwe a akuluakulu amadalira abale ake a kafani omwe ali m'mabokosi kuseri kwa nsanja. Nthawi ya kampeni kamatumikira a buluu m'mawa, a chikasu madzulo, a tambala wakuda mawa lake, ndipo palibe adakanenapo kuti kagulidwa. Malonjezo onse a milatho, a misewu ya phula ndi a feteleza wotchipa omwe adamveka m'mabwalo a boma lino adadutsa pa transistor yotentha, ndipo pakadapanda kafani ena mwa iwo akadathera pakati pa chiganizo. Apa pokha ndiye mwina kali ndi mlandu woti kayankhe.

Kukula kwake kumaoneka tsiku la imfa yake. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina kamangoima, kapena kawaya kake kolumikizidwa ndi selotepi kamaguluka, ndipo m'kati mwa mfuti za Rambo palibe amazindikira kuti kulira kwa kuseri kwaleka. Pakapita kanthawi mawu ayamba kusasa, kenako phu, kautsi. Ma transistor safa okha. Imodzi ikapsa imatenga anzake, nthawi zina ndi sipika yomwe. Pakhomo anthu ayamba kufuna ndalama zawo. M'mawa mwake mwini vidiyo ali mu minibasi ya msewu wa Midima, ampu pamiyendo, ulendo wa ku Limbe kukasaka zipangizo. Kumeneko akakumbutsidwa kuti mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, kuti chilichonse chochokera kunja chidakwera, komanso kuti pakati pa ma 5200 olembedwa Toshiba pali ena omwe a Toshiba sadawaonepo chibadwire. Akagula achinyengowo, ulendo wa ku Limbe aubwereza. Muphatikize thiransipoti, zipangizo, ndalama ya wokonza, ndi masiku omwe makasitomala adasamukira kwa woyandikana naye, ena osabwereranso. Umenewo ndiwo mtengo wa maliro a kanthu komwe kakadachira ndi dontho limodzi la mafuta. Mafumu ambiri saliridwa modula chonchi.

Alipo omwe ayesa kukalanda mpando. Ina ndi nsalu yonyowa yoyala pa ampu, yomwe imatseka timabowo n'kumadonthezera madzi pa magetsi a ma volt 230. Wina ndi mphwake wa mwini vidiyo, wopatsidwa katoni kuti azikupiza, amene amaiwala ntchito Jet Li akangodumpha. Ena amachotseratu chivundikiro kuti ampu ikhale pambalambanda, njira yoitana zala za ana ndi michira ya makoswe. Mdani weniweni ndi ma ampu atsopano a class D, opepuka, osataya magetsi oposa pafupifupi 10 pa 100 alionse, osatentha kwenikweni, abwino kwa odalira batire ya sola. Akuti amenewa adzakachotsa ntchito kafani. Ine nkhawa ndilibe. Mpatseni Mmalawi ampu yosatentha, alumikizako masipika ena anayi mpaka itenthe.

Sindikupempha chipilala pa mphambano ya pa Chitakale, ngakhale malo angapezeke. Sindikupemphanso mendulo ya pa 6 Julayi. Zofuna zake n'zochepa moti zikutichititsa manyazi. Kakhale pamwamba pa timabowo, kakukoka mpweya wotentha kuutulutsa kunja, chifukwa mpweya wotentha umakwera kale wokha ndipo kulimbana nawo n'kudzitopetsa chabe. Kapatsidwe adaputa yakeyake kuti kulira kwa mota yake kusalowe m'masipika. Wofuna bata ayese tchaja ya foni ya ma volt 5, kazizungulira pang'onopang'ono, ngati kavomera kudzuka. Pansi pa kapepala kozungulira komata pakati pake pali kabowo, ndipo pamenepo pamafunika dontho la mafuta a makina osokera, opempha kwa atelala a pakhonde, osati mafuta ophikira, omwe amadzauma n'kukamata. Kamodzi pa mwezi kadutsidwe ndi mswachi wakale, pamodzi ndi mano a chitsulo chija, pulagi itazulidwa.

Tsono inu achimwene a vidiyo, inu a DJ, inu abambo osunga zida za kwaya, ndi inunso amayi a kabati ya galasi, Loweruka lino mpira usadayambe zulani pulagi, tsitsani dekoda pamwambapo, kapukuteni kafaniko n'kukadonthezera mafuta. Kansalu kolukako mukayale patebulo.